Sunga Khosi, Koma la Yani?

Injini ya ndege yaing'ono ikazima m'mwamba, ndegeyo sigwa ngati mwala. Chimene chimanyamula ndege ndi mphepo yodutsa pamapiko, ndipo ntchito ya injini ndi kungoikokera kutsogolo kuti mphepoyo isasiye kudutsa. Injini ikafa, woyendetsa amatsitsa mphuno ya ndege pang'ono, kulemera kwa ndegeyo n'kuyamba kugwira ntchito imene injini inkagwira, monga mmene njinga imayendera pamtsetse popanda kupalasa. Cessna 172, ndege ya mipando inayi imene inayamba kugulitsidwa mu 1956 ndipo anthu ambiri amaphunzirirapo kuuluka, imatha kupita kutsogolo mamita pafupifupi 9 pa mita iliyonse imene yatsika, malinga woyendetsa asunge liwiro la makilomita pafupifupi 120 pa ola. Ikakhala mamita 1,000 kuchokera pansi, ndiye kuti yatsala ndi makilomita ngati 9 oti iyende, komanso mphindi zinayi ndi theka.

Mphindi zimenezi ndi zimene zimandichititsa chidwi. N'zokwanira kuti munthu asankhe munda woti aterepo, ayese kudzutsa injini, aitane thandizo pa wailesi, auze amene wawanyamula kuti amangitse malamba. Koma n'zosakwanira kuti akhale pansi n'kusanthula nkhani mbali zonse monga achitira akuluakulu pabwalo la milandu. Tsono ngati zimene wasankha m'mphindi zimenezo zapulumutsa anthu kapena zawaphetsa, kodi tingamuweruze? Ngati tingatero, mlanduwo tiuyambire pati?

Kawirikawiri timaweruza poona mathero. Akatera bwino timati ndi ngwazi, nyuzipepala n'kumujambula ataima pambali pa ndege yake m'munda. Akafa timati linali tsiku lake. Akapulumuka iye koma ena n'kufa, timati anali wosasamala. Ziweruzo zitatu zonsezi zikhoza kugwera munthu mmodzimodzi amene wachita chinthu chimodzimodzi, kusiyana kwake n'kukhala kamphepo kamene kanaomba kapena mtengo umene unali pamene unalipo. Ine zimenezi sizindikhutiritsa, ndipo kuti ndione bwino ndimayambira pamene nthawi ili yochepetsetsa, pamene injini yazima ndege itangonyamuka kumene.

Apa palibe mphindi zinayi. Ndege ili m'munsi, mphuno yaloza kumwamba, liwiro ndi lochepa. Kumbuyo kuli msewu wa ndege wautali, wosalala, woudziwa, umene munthu wausiya masekondi ochepa apitawo. Kutsogolo kuli mitengo, minda, mipanda, mwina nyumba. Mtima wa munthu aliyense umati bwerera. Buku lophunzitsira oyendetsa ndege la FAA, bungwe loyang'anira za ndege ku America, lotchedwa Airplane Flying Handbook, limawerengetsa nkhaniyi mosanyengerera. Tiyerekeze kuti injini yazima ndege ili pa mamita 90. Woyendetsa amataya masekondi 4 asanachite kanthu. Akayamba kukhota mofatsa, madigiri atatu pa sekondi, kutembenuka kuti ayang'ane kumene wachokera kumamutengera mphindi yathunthu. Akamaliza amapezeka kuti ali pambali pa msewu uja ndi mamita pafupifupi 1,300, chifukwa ndege sitembenukira pamalo amodzi ngati munthu, choncho ayenera kukhotanso madigiri ena 45. Zonse pamodzi ndi masekondi 79. Ndege imene ikutsika mamita 300 pa mphindi imakhala itataya mamita 400 pa nthawi imeneyo, pamene inali ndi 90 okha.

Woyendetsa sawerengetsa zonsezi ali m'mwamba, koma maso ake amaona kuti sakwanitsa. Ndiye amapendeketsa ndege kwambiri kuti akhote msanga, ndipo poona nthaka ikuyandikira, dzanja limakoka chiwongolero lokha. Apa ndi pamene anthu amafera. Kukoka kumadzutsa mphuno, liwiro limachepa, mpaka mphepo imaleka kutsetsereka bwino pamwamba pa phiko, phikolo n'kusiya kunyamula. Oyendetsa ndege amati imeneyi ndi stall. Ndege yopendekeka imafika msanga pamenepa: ikapendekeka madigiri 60 uku woyendetsa akuikaniza kutsika, liwiro limene phiko limafookerapo limakwera ndi magawo pafupifupi 40 pa 100. Phiko limodzi likafooka linzake lisanafooke, ndege imagudubuka n'kutsika mozungulira ngati nguli, mphuno ili pansi. Pa mamita 60 palibe danga loti munthu aidzutse.

N'chifukwa chake wophunzira amauzidwa chinthu chimene thupi lonse limakana: injini ikazima, kankha chiwongolero, loza mphuno kunthaka imene ukuiopayo, ndipo tera kutsogolo, kukhotera pang'ono kumanja kapena kumanzere kuti upewe cholimba kwambiri. Sikuti kubwerera n'kosatheka nthawi zonse. Pali msinkhu umene ndege imatha kutembenuka n'kufika, ndipo umasiyana malinga ndi ndege, kulemera kwake, mphepo ndi kutalika kwa msewu. Koma woudziwa msinkhuwo ndi amene anauyesa kale ali pamwamba kwambiri ndi mphunzitsi pambali pake. Wongoganizira pa tsikulo akuchita juga.

Masekondi 4 aja ndiwabwerere, chifukwa muli umunthu wonse wa nkhaniyi. Ndi nthawi imene munthu amakhala akukana kuti zimenezi zikumuchitikiradi iye. Pa 15 January 2009, ndege ya US Airways yonyamula anthu 155 inagundana ndi atsekwe itangonyamuka pabwalo la LaGuardia ku New York, injini zonse ziwiri n'kutha mphamvu. Inali Airbus A320, osati ndege yaing'ono, koma funso linali lomweli. Chesley Sullenberger ndi mnzake Jeffrey Skiles anaitsitsira mumtsinje wa Hudson patatha mphindi zitatu ndi theka, ndipo onse anatuluka amoyo. Pofufuza, bungwe la NTSB linaika oyendetsa ena m'makina oyeserera kuuluka kuti aone ngati zinali zotheka kukafika pabwalo. Pamene ankakhota nthawi yomweyo atsekwe atangogunda, pafupifupi theka la maulendo oyesererawo anafika. Koma iwo ankadziwa kale chimene chikubwera. Atauzidwa kuti adikire masekondi 35, nthawi yoti munthu weniweni azindikire chachitika n'kusankha chochita, ndege yoyesererayo sinafike.

Masekondi 35 amenewa ayenera kutichititsa manyazi tonse amene timakonda kuweruza tili pakhonde. Amene akudziwa mathero a nkhani ali ndi chuma chimene mwininkhani analibe. Mpaka apa ndikugwirizana ndi amene amati munthu wa m'masekondi otere tisamuloze chala.

Koma sindingaimire pomwepa, chifukwa oyendetsa ndege eniake saimira pomwepa. Woyendetsa wophunzitsidwa bwino, asanakankhe mphamvu ya injini kuti anyamuke, amayankhula mokweza, ngakhale ali yekha m'ndege. Amati injini ikavuta matayala adakali pansi, ndichotsa mphamvu ndi kuima. Ikazima nditanyamuka koma msewu udakalipo kutsogolo, nditera pomwepo. Ikazima ndisanafike msinkhu wakutiwakuti, sindibwerera, ndipita kumunda uli cha kumanja uko. Mawu amenewa amamveka ngati mwambo chabe, ndipo pa maulendo mazanamazana sagwira ntchito iliyonse. Koma chimene akuchita n'chachikulu. Akusamutsa chisankho kuchichotsa m'masekondi a mantha n'kuchiika pa nthawi imene mutu uli bwino. Munthu wodekhayo akumangiratu manja a munthu wamantha amene adzakhalepo pakapita mphindi imodzi.

Aristotle anaiona nkhani yotere kalekale. M'gawo lachitatu la buku lake la Nicomachean Ethics amafunsa za amalinyero amene amataya katundu m'nyanja pa nthawi ya namondwe: kodi achita mwa kufuna kwawo kapena mokakamizidwa? Palibe amene amataya katundu wake dala, komabe munthu aliyense wanzeru amataya kuti apulumuke iye ndi anzake. Yankho lake n'lakuti zochita zotere n'zosakanizika, koma zimapendekera ku kufuna, popeza dzanja lotayalo ndi la mwiniwake. M'gawo lomwelo amakambanso za woledzera amene walakwa asakudziwa chimene akuchita. Ameneyo amalangidwabe, chifukwa gwero la kusadziwako lili mwa iye: akanatha osaledzera. Mfundo yachiwiriyi ndi imene ndikuifuna. Ngati pa nthawi ya ngozi munthu sangathe kuganiza, mlandu suthera pamenepo. Umabwerera m'mbuyo kukafuna nthawi yomaliza imene akanatha kuganiza.

Ambiri okonda nyimbo za country amamudziwa John Denver. Anafa pa 12 October 1997 pamene ndege yake yaing'ono ya mtundu wa Long-EZ inagwera m'nyanja ku Monterey Bay, California. Anali woyendetsa ndege wa zaka zambiri, koma ndegeyi anali atangoigula kumene. Amene anaipanga anaika kachitsulo kosinthira matanki a mafuta kumbuyo kwa phewa lakumanzere la woyendetsa, pamalo poti munthu sangapafike osatembenuza thupi. Ndegeyo inanyamuka ndi mafuta ochepa, ndipo atafunsidwa ngati angathire ena, iye anakana poti sakhalitsa m'mwamba. Ofufuza anapeza kuti injini itasowa mafuta, anatembenuka kuti asinthe thanki, phazi lake n'kuponda chopondera chimene chimakhotetsa ndege, ali pafupi kwambiri ndi madzi. Ndani angamudzudzule chifukwa cha phazilo? Aliyense wotembenuka chotero akhoza kuponda. Zimene zikanasintha mathero zinali pansi, pa nthawi imene panalibe chomuthamangitsa.

Ndipo injini zambiri zimene zimazima m'mwamba zimazima pa zifukwa zazing'ono zotere: mafuta atha, kapena alipo koma m'thanki ina, kapena muli madzi amene akanaoneka munthu akanakha pang'ono m'kabotolo asananyamuke, kapena kabuleta yaundana ndi ayezi, zimene zimachitika ngakhale tsiku lofunda ngati mpweya uli ndi chinyontho. Akuluakulu anati konza kapansi kuti kam'mwamba katsike. Sankanena za ndege, koma mawuwo akukwana ngati anasokeredwa pomwepa.

Mwa zinthu zimene munthu ayenera kuzisankhiratu, chovuta n'chakuti adzalolera kutaya chiyani. Buku la FAA lija limatchula zinthu za mumtima zimene zimaphetsa oyendetsa ndege, ndipo china mwa izo ndi kufunitsitsa kupulumutsa ndegeyo. Poyamba zimamveka zachibwana. Ndani angasinthanitse moyo ndi chitsulo? Koma munthu sadziuza kuti ndikusankha chitsulo. Amadziuza kuti ndikhoza kupulumutsa zonse ziwiri. Amaona munda wa zitsotso pansi pake, woti akhoza kufikapo mosavuta koma ndege ithyoka miyendo, ndiye amaonanso kabwalo kosalala patali pang'ono. Amadzutsa mphuno kuti atalikitse ulendo, osadziwa kuti liwiro likatsika kupitirira loyenera lija ndege imatsika msanga kuposa kale. Ena amasintha maganizo ali pakati, kusiya munda woyamba kuthamangira wachiwiri, n'kugwera pakati pa iwiriyo. Mapanga awiri avumbwitsa.

Chimene chimapulumutsa munthu ndi kufika pansi pang'onopang'ono, mapiko ali chilinganire, ndege idakali m'manja mwake. Mphamvu ya kugunda simakula molingana ndi liwiro: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Ndege yoyenda makilomita 80 pa ola ikhoza kuima pa mamita atatu okha anthu a m'katimo n'kupirira, pamene ya makilomita 160 pa ola imafuna mamita oposa 11 kuti thupi limve kugunda kofananako. Choncho wophunzira amauzidwa kuti mapiko, matayala ndi mchira ndi zinthu zoti azigwiritse ntchito ngati chishango. Ngati palibe kothawira mitengo, alozetse thupi la ndege pakati pa mitengo iwiri kuti mapiko athyoke n'kumwa mphamvuyo. Chimanga chachitali, tchire ndi timitengo tating'ono ndi mabwenzi, chifukwa zimagwira ndege pang'onopang'ono. Bob Hoover, katswiri wa ku America amene ankachita zionetsero zotera atazimitsa injini dala, ankalangiza kuti munthu asasiye kuyendetsa ndege ngakhale kugunda kutayamba, mpaka zonse zitaima.

Nkhani ya ndege za Cirrus imaonetsa kuti kutaya chinthu n'kovuta ngakhale njira yopulumukira ili pamutu pako penipeni. Ndege zimenezi, kuyambira pa SR20 imene inavomerezedwa mu 1998, zili ndi parachuti yonyamula ndege yonse. Woyendetsa akakoka chogwirira chofiira chimene chili kudenga, roketi imatulutsa parachutiyo, ndege n'kutsika ndi anthu ali m'kati. Nthawi zambiri ndegeyo imaonongeka kwambiri. M'zaka zoyambirira oyendetsa ena anafa chogwiriracho asanachikhudze, ena anachikoka mochedwa. Kukoka kunkaoneka ngati kuvomera kuti walephera, ndipo panali anzawo ena amene ankanyoza kuti woyendetsa weniweni satera ndi ambulera. Kampaniyo pamodzi ndi bungwe la eni ndegezo anachita kusintha maphunziro, n'kumaphunzitsa anthu kukoka msanga ndi kunena asananyamuke msinkhu umene adzakokere, ndipo imfa zinachepa. Chimene chinkawagwira dzanja anthu aja sichinali mtengo wa ndege wokha. Anali manyazi, kuopa zimene anzawo adzanene kubwalo.

Pa zonsezi mwambi wathu uli ndi yankho lokwanira: sunga khosi, mkanda uoneka. Ndege ndi mkanda, mbiri ya ukatswiri ndi mkandanso. Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera apa, chifukwa apa palibe wotsutsa. Koma mwambiwo umayankhula ngati khosi lilipo limodzi lokha.

Pa 15 March 2010, ndege yaing'ono ya mtundu wa Lancair inavuta injini ikuuluka m'mphepete mwa nyanja ku South Carolina. Oilo anathovukira pagalasi lakutsogolo, propela n'kuthothoka. Woyendetsa anakaitsitsira pamchenga pachilumba cha Hilton Head. Iye ndi mnzake anatuluka bwinobwino. Koma pamchengapo panali bambo wina wa zaka 38 amene ankathamanga akumvera nyimbo m'makutu, ndipo ndegeyo inamugunda chakumbuyo n'kumupha. Pa 27 July 2014 zofananazo zinachitika pagombe la Caspersen pafupi ndi Venice ku Florida. Piper Cherokee imene injini yake inazima inatera m'mphepete mwa madzi n'kugunda bambo ndi mwana wake wamkazi wa zaka 9. Bamboyo anafera pomwepo, mwanayo anamwalirira kuchipatala. Anthu awiri a m'ndegemo sanavulale.

Ndege yopanda injini imabwera mwakachetechete ngati mphamba amene watambasula mapiko, ndipo ilibe hutala. Woyenda pansi sachenjezedwa ndi chilichonse. Komanso pali chinthu china chimene maphunziro a kutera mwadzidzidzi sachinena mokwanira. Wophunzira amauzidwa kufunafuna malo osalala, aatali, opanda zopinga. Koma malo ambiri osalala ndi osalala chifukwa anthu anawasalaza, ndipo anawasalazira kuti azikhalapo. Msewu, bwalo la mpira, bwalo la gofu, paki: maso a woyendetsa amakopeka ndi malo omwewo amene anthu amasonkhanapo. Kuno kwathu, kumene ndege zazing'ono zimauluka kupita ku Likoma, ku Mfuwe ndi kumalo ena akutali, nkhaniyi ndi yoonekeratu. M'midzi yambiri malo osalala kuposa onse ndi bwalo la pasukulu ya pulaimale. Msewu wa tala umakhala ndi apanjinga, amayi osenza mitolo ndi misika m'mbali. Gombe la nyanja lili ndi asodzi okonza maukonde, thandala za usipa ndi ana osamba.

Pamenepa ndili ndi maganizo anga, ndipo ndiwanena mosabisa. Amene wakwera ndege yaing'ono wavomera chiopsezo chake, kaya pofuna ndalama, changu kapena chisangalalo. Woyenda pagombe sanavomere kanthu, sanafunsidwe, ndipo ulendowo sumupindulira. Pamene chiopsezocho chafika poti wina achisenze, choyamba chiyenera kugwera amene anachibweretsa. Woyendetsa amene ali yekha, akaona bwalo losalala lili ndi anthu ndipo pambali pali tchire loipa, tchirelo ndi lake.

Wina anditsutsa kuti nanga ngati sali yekha? Amene wawanyamula aika moyo wawo m'manja mwake, mwina pali mwana amene sanavomere chilichonse monga mmene sanavomerere wa pagombe uja. Kodi woyendetsa ali ndi ufulu wopereka makosi a anthu ena kuti iye aoneke wolungama? Kutsutsa kumeneku n'kwamphamvu, ndipo sindikukupeputsa. Madzi akuya nawo si bwenzi: ndege ya matayala osapindika ikawakhudza imatha kugadabuka, anthu n'kukhala chadodolido m'kati madzi akulowa. Komabe zinthu ziwiri zimene zikuyezedwazi sizilemera mofanana. A m'ndege ali ndi malamba, ali m'kati mwa chitsulo chimene chinapangidwa kuti chiwateteze, ndipo ambiri amene amafika m'mitengo kapena m'madzi pa liwiro lochepa, ndege ili m'manja, amatuluka amoyo. Woyenda pansi alibe chilichonse pakati pa iye ndi chinthu cholemera tani imodzi chothamanga makilomita 100 pa ola. Kawirikawiri chimene woyendetsa akusinthanitsa ndi kuvulala kwa anthu ake ndi imfa ya anthu a eni. Kusinthanitsa kotere sindingakuvomereze, ngakhale wonyamulidwayo atakhala m'bale wanga.

Koma ndikudziwanso kuti m'masekondi aja palibe amene adzakumbukire ndime yapitayi. Thupi likasiyidwa lokha limasankha lokha, ndipo limasankha mchenga wosalala. Ngati anthu a pansi ali ndi malo m'chisankho cha woyendetsa, malowo ayenera kupatsidwa kale, pamodzi ndi mawu aja onenedwa asananyamuke. Malamulo a ndege ku America ali ndi mfundo ziwiri zimene ndimakonda kuziika pamodzi. Ina imalola woyendetsa kuphwanya lamulo lililonse la kaulukidwe pa nthawi ya ngozi, malinga ndi mmene ngoziyo ikufunira. Inzake imamuletsa, kupatula ponyamuka ndi potera, kuuluka m'munsi moti injini itazima sangathe kutera popanda kuika anthu ndi katundu wa pansi pachiopsezo chosayenera. Lamulo likumumasula m'masekondi a ngozi, koma likumugwira pa ola limene linapita, pamene ankasankha msinkhu ndi njira. Wodutsa m'munsi pamwamba pa tauni kapena pagombe lodzaza anthu kuti aone bwino malo wasankha kale, ngakhale injini yake isazime tsiku limenelo.

Tsono ndibwerere kwa oyendetsa awiri a pagombe aja, chifukwa sindikufuna kuti zimene ndanenazi zimveke ngati ndawapeza olakwa. Wa ku Hilton Head sankaona kutsogolo chifukwa cha oilo. Wa ku Florida anafotokozera ofufuza kuti anaona magulu a anthu, anayesa kuwalambalala, n'kuloza pamene ankaganiza kuti palibe munthu. Munthu akhoza kukonzekera zonse, kusankha bwino, kuyendetsa mwaluso, koma n'kuphabe munthu. Tsiku lina, pamchenga womwewo, woyendetsa wochita zomwezo akanatchedwa ngwazi chifukwa chongoti wothamanga uja anachedwa kumanga nsapato.

Bernard Williams, wafilosofi wa ku Britain, analemba za zimenezi mu 1976 m'nkhani yake yotchedwa Moral Luck. Anapereka chitsanzo cha dalaivala wa lole amene wagunda mwana popanda kulakwitsa kalikonse. Anthu amamutonthoza kuti si mlandu wako, ndipo amanena zoona. Koma Williams anaona kuti dalaivalayo akatonthozeka msanga, n'kumamva chisoni chofanana ndi cha munthu wongoonerera, timayamba kumukayikira. Pali chisoni china chimene ndi cha mwini dzanja yekha, chosiyana ndi kudziimba mlandu, ndipo munthu wabwino amakhala nacho ngakhale bwalo litamumasula.

Kwa owerenga a kuno zimenezi si zachilendo. Ngolo ya munthu ikaponda mwana mwangozi, mwini ngoloyo sakhala kunyumba kwake n'kumati ine sindinachitire dala. Amatuma akuluakulu a kwawo kukapepesa, amapereka ufa, nkhuni, mwina bokosi, ndipo amakakhala nawo pamaliro. A kubanja lofedwa akhoza kunena okha kuti inali ngozi, koma chipepesocho amachiyembekezerabe, ndipo chikapanda kubwera, nkhani imene inali ngozi imasanduka chidani. Anzathu olankhula Chishona amagwiritsa ntchito liwu lomweli, ngozi, potchula mzimu wa munthu wophedwa umene umavutitsa banja la womupha mpaka litalipira. Liwu limene kwa ife limamasula munthu, kwa iwo limamutsatira mpaka kunyumba.

Malipoti a ngozi za ndege amalembedwa ndi cholinga china. Pangano la mayiko la bungwe la ICAO, m'gawo lake lotchedwa Annex 13, limati kufufuza ngozi n'kofuna kupewa ngozi zina, osati kugawa mlandu. Zimenezi n'zanzeru, chifukwa anthu amanena zoona akadziwa kuti sakudzikumbira dzenje, ndipo zambiri zimene ndatchula m'nkhaniyi zinachokera m'zoona zoterozo. Lipoti limatchula chitsulo chimene chinathyoka, msinkhu, liwiro, mphepo, ndi chiwerengero cha ovulala m'ndege ndi pansi. Ufa ndi nkhuni zija zilibe ndime m'lipotimo, ndipo woyendetsa amene watuluka wamoyo pamchenga paja amayenera kudzifunira yekha njira yopitira kusiwa.